Sir John Kirk ndi Zithunzi Zoyamba za Zambezi ndi Shire

Munthu akanyamuka ku Thambani, m'boma la Mwanza, nalunjika kumpoto motsata malire a dziko lathu ndi Mozambique, ayenda m'mapiri ondondozana amene apitirira ku Neno kufikira ku Tsangano ndi ku Ntcheu. Pa mapu a m'sukulu mapiri amenewa alembedwa Kirk Range. Ndiponso mwana amene atola masuku m'nkhalango mvula ikamayamba, akadzatsegula buku la zomera adzapeza kuti mtengo wa msuku akatswiri autcha Uapaca kirkiana. Maina awiri onsewa achokera kwa munthu mmodzi, Sir John Kirk, dotolo wa ku Scotland amene anayenda ndi David Livingstone m'mitsinje ya Zambezi ndi Shire kuyambira 1858 kufikira 1863.

Ambiri a ife tinaphunzira za Kirk ngati mnzake wa Livingstone chabe. Koma pali ntchito yake ina imene siikumbukika kawiri-kawiri. Iye ndiye anasiya zithunzi za kamera zimene ziwerengedwa pakati pa zakale kopambana za chigwa cha Zambezi ndi mathithi a Shire. Mbiri ya munthuyu ndi zithunzi zakezo iyenera kudziwika kwa aphunzitsi ndi antchito a Boma, pakuti itionetsa chimene kamera ya masiku amenewo inatha kuona m'dziko lathu, chimene inalephera kuona, ndiponso anthu amene zithunzizo zinali kuwajambulidwira.

UBWANA WAKE NDI MAPHUNZIRO

John Kirk anabadwa pa 19 Disembala 1832 ku Barry, kamudzi ka m'dera la Angus ku Scotland, kumene atate wake anali mbusa wa mpingo. Anaphunzira udotolo pa Yunivesite ya Edinburgh, natsiriza m'chaka cha 1854 asanakwanitse zaka 22. Pamodzi ndi udotolowo anaika mtima pa maphunziro a mitengo ndi maudzu, ndipo mphunzitsi wake pa zimenezi anali John Hutton Balfour. Mu 1855 anapita ku nkhondo ya ku Crimea monga dotolo, nagwira ntchito pa chipatala cha Renkioi m'dziko la Turkey. Odwala akachepa iye anali kuyenda m'mapiri kukatola zomera, ndiponso anali kujambula zithunzi. Chotero pobwerera kwao mu 1856 anali ndi maluso atatu: kuchiza odwala, kudziwa zomera, ndi kugwira kamera.

Luso lachitatuli linali lachilendo ndithu. Njira yojambulira zithunzi ndi kuwala kwa dzuwa inalengezedwa koyamba mu 1839 ndi Louis Daguerre ku France ndi Henry Fox Talbot ku England, Kirk ali mwana wa zaka 6. Tsono kuti timvetse chimene anthu a ku Ulaya anali kuyembekeza kwa wojambula aliyense wopita kutali, tiyenera kuyamba tadziwa za kabokosi kena kamene kanalowa m'nyumba zambiri za ku Britain pa zaka zomwe Kirk anali pa sukulu.

CHITHUNZI CHA MASO AWIRI

Wowerenga ayese ichi: aimike chala patsogolo pa nkhope yake, atsinzine diso lamanzere, kenaka atsinzine lamanja. Adzaona ngati chalacho chili kudumpha uku ndi uku. Chifukwa chake nchakuti maso athu atalikirana pafupi-fupi mainchesi 2 ndi theka, ndipo lililonse liona chinthu kuchokera ku mbali yake-yake. Ubongo ndiwo uphatikiza zooneka ziwirizo, ndipo mwa njira imeneyi tizindikira chimene chili pafupi ndi chimene chili patali. Amene anafotokoza zimenezi momveka ndi Charles Wheatstone wa ku England mu 1838, ndipo mu 1849 Sir David Brewster wa ku Scotland anakonza kabokosi ka magalasi awiri, dzina lake stereoscope. Wojambula atenga zithunzi ziwiri za chinthu chimodzi, china cha diso lamanzere, china cha diso lamanja, nazimata moyandikana pa kakhadi ngati ana amapasa. Munthu akalowetsa kakhadiko m'kabokosi nasuzumira, zithunzi ziwirizo zisanduka chimodzi, ndipo nsanamira za nyumba zioneka zitaima patsogolo, khoma lili kumbuyo, ngati iye mwini waima pa malopo.

Kabokosi kameneka kanaonetsedwa pa chionetsero chachikulu cha ku Crystal Palace mu London m'chaka cha 1851, ndipo Mfumukazi Victoria atakayamikira, anthu anakathamangira. Mu 1854 inayambika kampani ya London Stereoscopic Company, imene cholinga chake chinali chakuti nyumba iliyonse ikhale ndi kabokosi kake, ndipo pofika 1858 inali kulengeza kuti ili ndi zithunzi zosiyana-siyana 100,000. Zambiri za zithunzi zamapasazi zinali za zomanga zotchuka za m'mizinda: matchalitchi a St Paul ndi Westminster Abbey ku London, Notre-Dame ku Paris, mabwinja a ku Rome, ngalande za ku Venice. Mu 1857 kunatulukanso zithunzi za Francis Frith za mabwinja a ku Egypt.

Ogula anali makamaka mabanja a pakati-kati, ndiwo amalonda, alembi a m'maofesi, aphunzitsi ndi abusa, anthu ophunzira koma opanda ndalama za ulendo wa ku Rome. Madzulo banja linali kukhala pa nyale, kabokosi nkumayenda dzanja ndi dzanja, atate nkumawerenga dzina la malo lolembedwa pa kakhadi. Mwa njira imeneyi anthu anazolowera kuganiza kuti dziko lonse lapansi lingathe kusonkhanitsidwa m'kabati ya m'nyumba mwao, ndipo maganizo otere anakulira pamodzi ndi ufumu wa Britain.

Koma m'zithunzi zoyambazo munali chinthu chodabwitsa. Miseu ya mizinda yodzaza anthu inali kuoneka ngati ya pa bwinja. Kamera inayenera kutsegulidwa nthawi yaitali kuti kuwala kukwane, ndipo chilichonse choyenda chinali kufufutika. Nyumba za miyala zinali kutsala, koma onyamula katundu, ogulitsa malonda ndi oyendetsa ngolo anali kuzimirira. Ndi cha mu 1859 pamene George Washington Wilson anatha kugwira pa chithunzi anthu ali kuyenda mu mseu wa Princes Street ku Edinburgh.

KAMERA IFIKA KU ZAMBEZI

Boma la Britain litavomera kulipira ulendo wa Livingstone wa ku Zambezi, Kirk anasankhidwa kukhala dotolo ndi katswiri wa zomera. Ananyamuka ku Liverpool pa 10 Malichi 1858 pa sitima ya Pearl, nafika pa mathiriro a Zambezi m'mwezi wa Meyi. Ntchito yojambula sinapatsidwe kwa iye. Wojambula ndi utoto anali Thomas Baines, ndipo wa kamera anali Charles Livingstone, mng'ono wake wa David, amene anali mbusa ku America asanalowe ulendowu. Mkulu wake anamlangiza kuti ajambule anthu a mitundu yosiyana-siyana, mitengo, mbeu, nyama ndi malo, kuti akatswiri a ku London akaphunzirepo. Zithunzi zimene Charles anayesa kujambula zinali zamapasa zija, zoonera m'kabokosi.

Njira imene iye anatsata inali yovuta. Anali kuthira mankhwala onanda otchedwa collodion pa galasi, kuliviika m'madzi a siliva, kujambula, ndi kulitsuka lisanaume, zonsezi m'mphindi 10 kapena 15, ali m'kahema ka mdima. Ku Scotland zimenezi zinali zotheka. Koma pa kutentha kwa ku Tete mankhwala anali kuuma msanga, fumbi linali kumatirira, magalasi anali olemera ndi osachedwa kusweka, ndipo wojambulayo anali wophunzira kumene, wodwala-dwalanso malungo. Anabwerera kwao ndi zithunzi zamapasa pafupi-fupi 40, koma chimene chidziwika kuti chinapulumuka kufikira lero nchimodzi chokha, cha mtengo wa mlambe.

Kirk anatenga kamera yake-yake, popanda womtuma, nasankha njira ina imene anaiyambitsa Gustave Le Gray wa ku France. Pepala lopyapyala linali kupakidwa phula la njuchi ndi kuviikidwa m'mankhwala, ndipo likauma linali kusungika masiku angapo lisanalowe m'kamera. Pepala nlopepuka, silisweka, ndipo silifuna hema pa malo ojambulira. Kuipa kwake nkwakuti linafuna nthawi yaitali koposa galasi, mphindi zingapo kamera ili chiimire. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo Kirk anali munthu wodekha. Chotero zithunzi za wotumidwa zinatayika, za wodzipereka yekha nkutsala.

Ku Zambezi kunalibe Westminster Abbey. Mzinda umene unalipo ndi Tete, kumene makolo athu ankati ku Nyungwe, kumene Apwitikizi anakhala kuyambira zaka za m'ma 1530. Kunali linga la asilikali, tchalitchi, ndi nyumba za miyala zowerengeka, zina zogumuka, zozunguliridwa ndi nyumba zambiri za udzu za anthu akuda, ochuluka a iwo akapolo. Mkulu wa asilikali, Major Tito Sicard, anapatsa alendowo nyumba yokhalamo. Kirk anajambula nyumba za ku Tete ndi ku Sena, mitengo ya m'mphepete mwa mtsinje, sitima za ulendowo, ndi mathithi a Shire oyambira pa Kapichira, amene Livingstone anawapatsa dzina la Murchison. Zambiri za zithunzi zimenezi zisungidwa lero ku National Library of Scotland mu Edinburgh, pamodzi ndi mabuku ake a tsiku ndi tsiku.

CHIMENE KAMERA SINAONE

Wopenya zithunzizi azindikira msanga kuti vuto lija la m'miseu ya London linaoloka nyanja. Muli miyala, mitengo ndi zitsulo za sitima, koma anthu ndi ochepa kwambiri. Chikhalirecho ulendowo unayenda pa mapewa a anthu: Amakololo onyamula katundu, opalasa ngalawa a ku Zambezi, odula nkhuni za moto wa sitima, ndi Amang'anja olondolera njira ndi ogulitsa chakudya. Mafumu monga Tengani, Mankhokwe ndi Chibisa ndiwo anali kutsegula kapena kutseka njira ya Shire, koma nkhope zao tilibe. Midzi yopota thonje, yosula makasu ndi yophika mchere Kirk anaiona ndi maso, nailemba m'buku, koma pa pepala la phula sinakhalepo.

Zoonadi masiku akulu-akulu a ulendowo anapita opanda chithunzi. Mu Januwale 1859 anakwera Shire koyamba. Pa 18 Epulo iye ndi Livingstone anafika pa Nyanja ya Chilwa, ndipo mu Seputembala anafika pa Nyanja ya Malawi, pamene Shire atulukira. Mu Okutobala chaka chomwecho Kirk ndi George Rae, mmisiri wa injini, anatumidwa kuyenda pansi kuchokera kwa Chibisa, pafupi ndi Chikwawa, kupita ku Tete, mtunda wa mailosi pafupi-fupi 100, m'dziko louma la kumwera kwa Thambani. Wowerenga wa ku Mwanza adziwa dzuwa la Okutobala, ndipo sadzadabwa kumva kuti anthu awiriwa ndi owaperekeza ao anasauka koopsa ndi ludzu. Mu Novembala 1860, pobwera ku Victoria Falls, bwato la Kirk linagubuduka m'mathithi a Kebrabasa, pamene lero pali damu la Cahora Bassa. Iye anapulumuka, koma zolemba zake za miyezi yambiri, zojambula pamanja za zomera ndi zida zake za udotolo zinapita ndi madzi.

Tsiku lofunika kopambana kwa ife ndi 16 Julaye 1861. Livingstone, Kirk ndi anzao anali kuperekeza Bishopu Charles Mackenzie ndi amishoni a U.M.C.A. ku mapiri, kumene anakamanga mishoni ya Magomero. Atapumula pa mudzi wa Mbame, kunatulukira mzere wa anthu ogwidwa ukapolo, amuna ali m'magoli, akazi ndi ana omangidwa zingwe. Owayendetsa ataona Azungu anathawira ku tchire, koma mtsogoleri wao anadziwika: anali kapolo wa mkulu wa asilikali wa ku Tete, munthu amene anawatumikirapo alendowo ali kumeneko. Anthu 84 anamasulidwa tsiku limenelo, magoli akudulidwa ndi sowo. Anali pa ulendo wa ku Tete, ndipo njira yao inali kuoloka Shire ndi kudutsa dziko la pakati pa Shire ndi Zambezi, limene Thambani ali mbali yake. Tsono nyumba za miyala zija zimene kamera inazigwira bwino-bwino zinali kumapeto a njira imeneyi. Chithunzi cha mzere wa akapolowo chimene chipezeka m'mabuku ambiri a mbiri si cha kamera. Chinazokotedwa pamanja ku Britain kuti chilowe m'buku la ulendowo limene linatuluka mu 1865.

Zaka ziwiri zotsatira zinali za maliro. Bishopu Mackenzie anafa ndi malungo pa 31 Januwale 1862. Mai Mary Livingstone anamwalira ku Shupanga pa 27 Epulo, Kirk ali kuwasamala. Chilala, nkhondo ndi kugwidwa kwa akapolo zinaononga chigwa cha Shire, kotero kuti kumayambiriro a 1863 mitembo inali kuyandama mu mtsinje ndi kukola m'mapiko a sitima. Mu Meyi 1863 Kirk, atafooka ndi kamwazi, ananyamuka ulendo wa kwao pamodzi ndi Charles Livingstone. Dzina lake linatsala pa mapiri, popeza Livingstone ndiye anawatcha chotero.

Zomera zimene anatola zinapita ku munda wa Kew mu London. Chimodzi mwa izo chinali kombe, ulembe umene alenje Achimang'anja anali kupaka pa mivi. Tsiku lina Kirk anatsuka mano ndi mswachi umene unakhudzana ndi kombe m'thumba mwake, nazindikira kuti mtima wake wayamba kugunda pang'ono-pang'ono. Pambuyo pake Thomas Fraser wa ku Edinburgh anaupima ulembewo, natulutsamo mankhwala a mtima otchedwa strophanthin, ndipo chomeracho chidziwika lero kuti Strophanthus kombe. Apa dzina la makolo athu linasungika, ngakhale kuti maina a alenje amene anadziwa mphamvu yake kale-kale sanalembedwe.

KAZEMBE WA KU ZANZIBAR

Mu 1866 Kirk anabwereranso ku Africa monga dotolo ndi wachiwiri kwa kazembe wa Britain pa chisumbu cha Zanzibar, ndipo kumeneko anakwatira Helen Cooke mu 1867. Uwu unali mzinda weni-weni, wa nyumba zosanja, linga lakale, nyumba za Sultani ndi doko lodzaza zombo, ndipo Kirk anapitiriza kujambula mzindawo ndi malo ena a m'mphepete mwa nyanja. Koma chomanga cha mu mzindawo chimene chinakhudza dziko lathu koposa zonse chinali msika wa akapolo. Anthu ogwidwa kuno anali kuolotsedwa nyanja pa Nkhotakota ndi pa madooko ena, kuyendetsedwa pansi kufikira ku Kilwa, ndi kukwezedwa m'zombo za ku Zanzibar. Kazembe wina wa kale, Christopher Rigby, anauza Livingstone kuti akapolo 19,000 ochokera ku dziko la Nyasa anali kudutsa pa nyumba ya msonkho ya pa chisumbucho chaka ndi chaka.

Mu Januwale 1873 Sir Bartle Frere, wotumidwa ndi Boma la Britain, anafika kudzapempha Sultani Barghash kuti aletse malonda amenewa. Sultani anakana, pakuti chuma cha akulu-akulu ake chinatsamira pamenepo, ndipo Frere anachoka chimanja-manja. Kirk ndiye anatsala nayo nkhaniyo. Atalandira lamulo lochokera ku London, anadziwitsa Sultani kuti akapanda kuvomera, sitima za nkhondo zidzatseka chisumbu chonse. Pa 5 Juni 1873 Barghash anasaina pangano loletsa kutumiza akapolo pa nyanja, ndipo msika unatsekedwa. Livingstone anali atamwalira kwa Chitambo mwezi umodzi m'mbuyomo, osamva za zimenezi. Pa Khirisimasi chaka chomwecho anaika mwala wa maziko a tchalitchi cha Christ Church pa malo a msikawo, ndipo Bishopu Edward Steere ndiye anayang'anira mamangidwe ake.

Tisaganize kuti ukapolo unatha tsiku lomwelo. Amalonda anatsata njira za pamtunda ndi zozembera, ndipo kuno kwathu malondawo anapitirira kufikira Mlozi anagonjetsedwa ku Karonga mu Disembala 1895. Komabe pangano la 1873 linatseka khomo lalikulu, ndipo Kirk analondoloza ntchitoyo zaka zonse zimene anakhala kazembe wamkulu. Analandira ulemu wa Sir mu 1881, napuma pa ntchito mu 1887.

MBALI ZIWIRI ZA MUNTHU MMODZI

Mbiri ya munthu wotere siiweruzika ndi diso limodzi. Kirk anali wolimba mtima, wosamala pa ntchito, wosakonda kudzitama. M'buku lake la tsiku ndi tsiku anadandaula kuti Livingstone anali kuika anthu ake pa ngozi mosaganizira, koma pa gulu sanamnyoze. Henry Morton Stanley, atapeza Livingstone ku Ujiji mu 1871, anamneneza Kirk kuti ananyalanyaza kutumiza katundu wothandiza mnzakeyo, ndipo mlandu umenewu unamvutitsa zaka zambiri. Ngakhale zinali chomwecho, pa 18 Epulo 1874 anthu awiriwa ananyamula pamodzi bokosi la Livingstone mu Westminster Abbey.

Mbali inayo iyenera kunenedwanso. Zolemba zake zili ndi mau ena onyoza anthu akuda, monga analili Azungu ambiri a nthawi yake. Mu Seputembala 1862, pa mtsinje wa Rovuma, eni dziko ataponyera mabwato ao mivi ndi zipolopolo, Kirk anaombera munthu namupha. Ku Zanzibar mphamvu imene inatseka msika ndi yomweyo imene inasandutsa Sultani kukhala mfumu ya dzina lokha. Mu 1885, sitima za nkhondo za Germany zitafika, Kirk analamulidwa ndi Boma lake kuuza Barghash kuti agonje, ndipo mu 1886 Britain ndi Germany anagawana dziko la kumtunda. Iye anathandiza Harry Johnston pa ulendo wake wa ku Kilimanjaro mu 1884, ndipo Johnston yemweyo ndiye anadzakhazikitsa ulamuliro wa Britain kuno mu 1891. Atapuma, Kirk anaimira Britain pa msonkhano wa ku Brussels wa 1889 ndi 1890 woletsa malonda a akapolo, komanso anakhala mmodzi wa akulu a Imperial British East Africa Company. Kwa iye kuthetsa ukapolo ndi kukuza ufumu wa dziko lake zinali ntchito imodzi.

Anthu a ku Thambani akhala pafupi ndi chipatso cha nyengo imeneyo. Pangano la pa 11 Juni 1891 pakati pa Britain ndi Portugal linaika malire motsata mtunda wogawa madzi opita ku Shire ndi opita ku Zambezi, ndipo mzere umenewu unalekanitsa abale a chilankhulo chimodzi, ena kuno ena ku Mozambique. Kirk sanalembe panganolo, koma mapu, maina, zomera ndi zithunzi zimene ulendo wa 1858 unatumiza ku London zinali mwa zinthu zimene Britain anaimirapo ponena kuti dziko la Shire ndi lake.

CHIMENE CHATSALIRA IFE

Sir John Kirk anamwalira ku Sevenoaks, m'dera la Kent, pa 15 Januwale 1922, ali ndi zaka 89. Reginald Coupland analemba mbiri ya ulendo wake wa ku Zambezi mu 1928, ndipo mabuku ake a tsiku ndi tsiku anasindikizidwa mu 1965, dziko lathu litalandira kale ufulu.

Zithunzi zake nza mtengo wapatali, ndipo nkoyenera kuti ana athu azione, pakuti zisonyeza mmene mitsinje yathu inalili kusanabwere madamu ndi milatho. Koma mphunzitsi wozionetsa afotokozenso kuti zinajambulidwa ndi mlendo, kujambulira anthu a kwao, ndi kamera yosatha kugwira munthu woyenda. Chimene chisowa m'menemo tiyenera kuchifuna kwina: m'mbiri za mafumu, m'zokumbukira za nkhalamba, ndi m'maina a malo. Phiri lililonse la mu Kirk Range linali ndi dzina lake Livingstone asanafike, ndipo eni dera alidziwa kufikira lero, monga momwe msuku ukhalabe msuku.

Lero kamera ili m'thumba mwa mphunzitsi ndi mlembi aliyense, m'foni yake, ndipo igwira ngakhale mbalame ili kuuluka. Chowiringula cha Kirk ife tilibe. Amene ajambula sukulu yatsopano, mlatho, msika kapena bwalo la mfumu, ajambulenso anthu amene anaumba njerwa ndi kusenza miyala, alembe maina ao, malo ndi tsiku, ndipo zoyenera kusungidwa azitumize ku National Archives ku Zomba. Tikapanda kutero, adzukulu athu adzalandira kwa ife chomwe ife tinalandira kwa Kirk: nyumba ndi mitengo, popanda eni ake.